Za Munda ndi Nyama: Malamulo a Boma m'Cigwa ca Shire wa Kumtunda

Mwezi uno tifuna kukamba nanu, abale, za mbiri ya dziko lija ligona pakati pa mapiri a Chikala kum'mawa ndi mapiri a ku Ntcheu kumadzulo, limene mtsinje wa Shire ulidula pakati poturuka m'nyanja ya Malombe. Tsidya la kum'mawa ndilo Machinga, kumene kale ankati Kasupe. Tsidya la kumadzulo ndilo Balaka, limene linapatulidwa kukhala boma palokha m'caka ca 1998. Dzikoli nlotentha, mvula yace njosakhulupirika, ndipo kuyambira kale anthu ndi nyama za m'thengo amwa madzi amodzi, nalimbirana dothi limodzi. Cifikire Boma kuno, laika malamulo a mitundu iwiri, ena ochinjiriza nyama, ena osunga nthaka. Iwo amene analemba malamulo a nyama sindiwo amene analemba a nthaka, ndipo kawirikawiri sanafunsane; koma malamulo onsewo anagwera munthu mmodzi, ndiye mwini munda. Cifukwa cace tifuna kuwayesera pakhomo pa iyeyo.

Tisaganize kuti Boma lisanadze kunalibe lamulo. Nyama zinali ndi mwini wace, ndiye mfumu ya dziko. Mlenje akapha njobvu, mnyanga umene unagunda pansi unali wa mfumu. Akapha nyama ina yaikuru, mwendo umodzi unkapita kwa mfumu yomweyo. Uzimba unali ndi nyengo yace, anthu atakolola ndi udzu utauma, ndipo unali ndi akuru ace ouyang'anira. Mbuna ankazikumba m'njira za mvuu ndi nguluwe, m'mphepete mwa minda, kotero kuti kusaka ndi kulonda munda inali nchito imodzi. Kalimidwe kace kanali ka matutu: mlimi ankaunjika udzu ndi zinyalala, nazikwirira ndi dothi, nabzalapo cimanga, mapira, nyemba ndi maungu pamodzi. Nthaka ikaguga ankaisiya tsala, natsegula mphanje pena. Njira imeneyi inali yanzeru masiku amene anthu anali ocepa ndi chire linali lambiri.

David Livingstone anayenda m'dziko lino m'caka ca 1859. Anaona nyanja ya Chilwa mwezi wa April, nafika ku nyanja yaikuru mwezi wa September. Anapeza midzi yambiri, minda ya thonje, ndi anthu osula makasu ao okha. Koma sizinapite zaka zambiri, nkhondo za akapolo zinakula, ndipo cilala ca 1862 ndi 1863 cinatsiriza cimene nkhondo inasiya. Otsala anathawira kumapiri ndi kuzisumbu, minda ya m'cigwa nibwerera thengo. M'masiku omwewo mafumu a Ciyao a pfuko la Amachinga, monga Kawinga ndi Liwonde, anakhazikika kuno ali ndi mfuti, nacita malonda a minyanga ndi a anthu kunka kugombe la nyanja ya mcere. Apa tiyenera kunena zoona, ngakhale ziwawa: amene anayamba kutha njobvu m'cigwa cino ndiwo alenje a mafumu athu, pamodzi ndi Azungu osaka minyanga amene anadza pambuyo pao; ndipo mtengo wace unali nsaru, mikanda ndi onga.

Boma la Angerezi linayamba m'caka ca 1891, Harry Johnston ali mkuru wace. Iye anamenyana ndi Liwonde m'caka ca 1893, ndipo asilikari a Boma anagonjetsa Kawinga pa Chikala m'caka ca 1895. Nkhondo zitatha, Boma linayang'anitsa mfuti zotsala m'midzi. Mfuti inayenera kulembedwa ndi kulipiridwa msonkho. Kusaka nyama zazikuru kunafuna kalata ya cilolezo, ya mtengo umene munthu wa pamudzi sanathe kuupeza, pakuti ngakhale msonkho wa nyumba wa masilingi 3 unali kumtopetsa kale. M'caka ca 1897 Boma linapatula malo awiri oyamba osungirako nyama, ndiwo dambo la njobvu kunsi kwa Shire, ndi dziko la m'mbali mwa Chilwa. M'caka ca 1900 maufumu a ku Ulaya amene anagawana Afrika anasonkhana ku London, napangana za kusunga nyama za m'thengo. Mwini munda wa ku Ntaja kapena wa ku Ulongwe sanaitanidwe kumsonkhanoko. Iye anangomva kuti cimene atate wace ankacicha kusaka, tsopano cichedwa kuba.

Cinalipo cinthu cimodzi cimene opangana a ku London sanaciwerengere, ndico kanchenche kaja kochedwa kashembe. Ndipo tikhalitse pamenepa, pakuti umphawi wambiri wa m'cigwa unacokera kwa iko. Kashembe akhala m'chire la mthunzi, namwa mwazi wa njiri, nguluwe, njati ndi nyama zina. M'mwazi wa nyamazo muli tizirombo tosaoneka ndi maso, timene sitidwalitsa nyama za m'thengo. Koma kashembe akatitengera kwa ng'ombe, ng'ombeyo iwonda pang'ono pang'ono, nifa. Mtundu wina wa tiziromboto ukalowa mwa munthu, adwala kaodzera. Mliri wa ng'ombe wochedwa rinderpest, umene unafika kumpoto kwa nyanja m'caka ca 1892, unapha ng'ombe ndi njati zosawerengeka m'maiko ano, ndipo kashembe anacepa kanthawi posowa cakudya. Koma nyama zinaswananso, mfuti zili m'manja mwa Boma, ndi minda yakale ili chire. Motero m'zaka zoyamba za 1900 kashembe anafalikira m'zigwa zotentha, ndi m'cigwa cathu comwe. Pakati pa 1911 ndi 1914 Sir David Bruce, sing'anga womveka wa nthenda zimenezi, anatsogolera anzace kufufuza kaodzera pa phiri la Kasu m'dziko la Dowa. Anatsimikiza kuti nyama za m'thengo ndizo nkhokwe ya nthendayo, nalangiza kuti m'dziko la kashembe nyama ziphedwe. Okonda nyama a ku England anakana kolimba, ndipo Boma linaima pakati, losakondweretsa awa kapena awo.

Tsono taonani cimene cinatsata pakhomo pa mlimi. Kopanda ng'ombe kulibe ndowe zothira m'munda, kulibe ngolo, kulibe pulawo, kulibe mkaka wa ana. Angoni a pamwamba pa Ntcheu, kumene kuzizira kuletsa kashembe, anali ndi makola; mnansi wao wa m'cigwa, ulendo wa tsiku limodzi lokha, anatsala ndi khasu, mbuzi ndi nkhuku. Pambuyo pace akuru a malimidwe anamdzudzula munthu yemweyo kuti sathira manyowa, osakumbuka kuti lamulo la anzao a nyama linathandiza kumlanda ng'ombe.

Lamulo la nyama la 1926 linawawa koposa oyamba aja, cifukwa linakhudza njira zimene munthu wopanda mfuti anatsala nazo, ndizo mbuna, maukonde ndi misampha. Pa mlandu umenewu amishoni ambiri anaima ndi anthu a m'midzi. Iwo anaona ndi maso ao akristu ao ali kugona m'zirindo miyezi yonse ya dzinja, ndi ana osafika kusukulu cifukwa ca kuingitsa anyani; ndipo analembera Boma kuti lili kusamala nyama koposa anthu. Misonkhano ya anthu ophunzira a dziko lino, yochedwa Native Associations, inadandaula comweco. Lamulo linakhalabe, koma kulira kwa eni minda sikunaleke, ndipo m'caka ca 1949 Boma linakhazika nthambi yoyang'anira nyama, nsomba ndi kashembe, imene alenje ace anayenda m'midzi kuombera anyani, nguluwe, mvuu ndi njobvu zoononga mbeu. Cotero dzanja limodzi la Boma linaletsa mwini munda kupha, ndi linzace linamphera, likapeza nthawi ya kufika.

M'zaka zomwezo cigwa cinali kudzalanso anthu. Alomwe ambiri analowa kucokera ku dziko la Apwitikizi, nakhala m'mbali mwa Chilwa ndi Chiuta. Nyanja ya Malombe inaphwa zaka zambiri, anthu nalima m'kati mwace, kufikira madzi anabwera m'zaka za 1930, nawacotsamo. Njanji yocokera ku Blantyre kunka ku Salima inapyola pa Balaka, nitsegulidwa m'caka ca 1935, ndipo thonje linapeza njira ya kumsika. Anthu pocuruka, tsala linafupika. Munda umene kale unkapuma zaka zambiri unayamba kulimidwa caka ndi caka, ndi ena anakwera ndi khasu m'matsitso a mapiri. Madzi a mitsinje monga Rivirivi anafiira m'dzinja.

Apa mpamene panayambira lamulo laciwiri, la nthaka, limene agogo athu alikumbuka ndi dzina limodzi lokha, malimidwe. M'zaka za 1930 anthu a ku America anaona mphepo ili kunyamula dothi la minda yao ngati utsi, ndipo mantha a kukokoloka kwa nthaka anagwira maboma onse a Angerezi mu Afrika. Kuno lamulo lochedwa Natural Resources Ordinance linaikidwa m'caka ca 1946. Pamenepo inagwa njala ya 1949, mvula itadula pakati pa dzinja, ndipo anthu anafa m'cigawo ca kum'mwera. Bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene analamulira kuyambira 1948 kufikira 1956, anatsimikiza mumtima kuti njala yotere isabwerenso. Ndipo iye ndi Richard Kettlewell, mkuru wa malimidwe kuyambira 1951, anasankha njira ya kukakamiza. Matutu analetsedwa. Munda uli wonse unayenera kukhala wa mizere yopingasa matsitso, ndi milambala yaikuru yochinga madzi. Kulima m'mphepete mwa mtsinje ndi pa matsitso akuru kunaletsedwa. Kusosa kunali ndi tsiku lace, kuzula ndi kutentha mitengo ya thonje kunali ndi tsiku lace. Wolakwa anaturutsidwa kubwalo la mfumu, nalipa ndarama, kapena kulowa m'ndende. Ndipo ena anazuliridwa mbeu zomera kale. Anthu zikwi zambiri m'dziko lonse anaweruzidwa pa milandu yotere.

Kodi malamulowa anali opusa? Ife titi iai, si onse. Mzere wopingasa pa malo otsetsereka ugwira madzi kuti alowe pansi, osathamanga ndi dothi kunka kumtsinje. Ici ncoona lero monga cinali coona m'masiku a Colby. Kutentha mitengo ya thonje kupha mbozi imene ikadadikira mbeu ya caka ca mawa. Mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje igwiradi gombe. Koma lamulo linalembedwa limodzi la dziko lonse, ngati kuti phiri la Chikala ndi cidikha ca ku Utale ndi malo amodzi. Pa mcenga mizere inagumuka ndi mvula yoyamba; pa dothi lakuda la m'madambo madzi anaima pakati pa mizere, mbeu nizibvunda. Dimba la kumtsinje, limene lamulo linaletsa, ndilo linkapulumutsa banja caka ca cilala. Milambala inadya malo a mbeu, ndipo inayenera kukumbidwa mwezi wa September ndi October, dothi lili gwa ndi dzuwa lili pamutu. Ndani anaikumba? M'midzi yambiri amuna anali ku Halale ndi ku Joni, kufuna ndarama za msonkho wa Boma lomwelo; khasu linatsala ndi akazi ndi nkhalamba. Ndiwo amene anaima pabwalo la milandu, mwana ali kumbuyo.

Coipa coposa cinali ici, kuti mlangizi anasanduka msilikari. Palibe munthu afunsa nzeru kwa iye amene mawa adzamtengera kumlandu. Motero alangizi, amene ambiri a iwo anaphunzira m'sukulu za mishoni ndipo anadziwadi nchito yao, ankafika pamudzi napeza anthu athawira kuthengo. Mafumu nawo anapanikizika pakati pa Bwana Disi ndi anthu ao. M'caka ca 1953, pamene Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinaikidwa anthu osafuna, mkwiyo wa ndale ndi mkwiyo wa khasu zinakomana. Inkosi Philip Gomani wa ku Ntcheu anauza anthu ace kuti aleke kumvera malamulo a malimidwe. Boma linamcotsa paufumu, ndipo iye, ali wodwala, anathawira ku dziko la Apwitikizi pamodzi ndi mbusa Michael Scott, nabwezedwa, namwalira m'caka ca 1954. Mwezi wa August 1953 cipolowe cinabuka ku Thyolo, nicifalikira m'maboma ena, kufikira ku Domasi, pakhomo peni peni pa Machinga. Ndipo anthu 11 anafa. Ife tiyesa kuti m'midzi yambiri Congress inakopa mitima ndi mau a milambala koposa ndi mau a Citaganya, pakuti Salisbury inali kutari, koma mlambala unali m'munda.

Dr. Hastings Kamuzu Banda anabwera m'caka ca 1958, ndipo m'caka ca 1961 anatenga yekha unduna woyang'anira nthaka ndi ulimi. Anathetsa kumanga anthu cifukwa ca malimidwe, nanena kuti mlimi aphunzitsidwe ndi mau. Pamenepo cinacitika cinthu codabwitsa. Milambala yambiri inasiyidwa, ina nigumulidwa ndi cimwemwe. Koma mizere inakhala. Anthu anasunga cimene anaona kuti ciwathandiza, nataya cimene cinangowalemetsa. Lero mwana wa ku Machinga ayesa kuti mizere ndiyo kalimidwe ka makolo cilengedwere, osadziwa kuti agogo ace ena analawa ndende asanaibvomere.

Tibwerere ku nyama. Boma la eni dziko silinataye maganizo a kusunga nyama, linawakuza. M'caka ca 1973 linapatula nkhalango ya Liwonde, kuyambira pafupi ndi tauni ya Liwonde kufikira ku Malombe, mbali yaikuru kum'mawa kwa Shire ndi kamzere kocepa kumadzulo. Ndipo midzi ina inasamutsidwa kuti nyama zipeze malo. Tisabise kuti m'cinthu ici munali nzeru: pakadapanda nkhalangoyo, adzukulu athu akadadziwa njobvu ndi mphalapala m'zithunzi zokha. M'caka ca 1993 zipembere, zimene zinatha kale m'cigwa cino, zinabwezedwamo kucokera ku South Africa. Koma nkhalango njaing'ono, ndipo midzi inaizinga ponse ponse. Njobvu sidziwa malire olembedwa pa pepala. Imva pfungo la cimanga cokhwima ndi la mango, nioloka. Usiku umodzi wokha utha kutsiriza nchito ya caka conse, ndipo anthu anaphedwa m'minda yao ndi m'njira za kumjigo. Mpanda umene unamangidwa m'mbali zina unadulidwa, waya wace nasanduka misampha yogwira nyama zomwe unayenera kuzisunga. Nyama yogwidwa ndi waya imafa masiku ambiri, ndi ludzu ndi bala lonyeka. Mwana wa njobvu amaduka citamba. Nkhanza imeneyi sitiicepetsa. Koma sitiiwalanso kuti wochera msamphayo kawirikawiri anali munthu amene nkhokwe yace inagwetsedwa, ndipo panalibe womfunsa kuti adya ciani.

M'caka ca 2015 Boma linapangana ndi bungwe la African Parks kuti lisunge nkhalangoyo. Nchito yao yoyamba ndiyo imene eni minda anaipempha zaka zambiri: anamanga mpanda wa magetsi wopitirira makilomita 100, naika anthu ouyendera masiku onse. Anazula misampha ya waya yoposa 30,000. Poona kuti njobvu zacuruka koposa cakudya ca m'nkhalango, anazigoneka ndi mankhwala, nazikweza pa magalimoto. M'zaka za 2016 ndi 2017 njobvu pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi ku Majete zinasamutsidwira ku Nkhotakota. Mikango inabwezedwa m'caka ca 2018, ndi zipembere zina 17 m'caka ca 2019. Kuonongeka kwa minda ndi imfa za anthu zinacepa ndithu, ngakhale sizinathe, pakuti ng'ona ndi mvuu ziyenda m'madzi mopanda mpanda. Tiyesa kuti aka ndi koyamba m'mbiri yonseyi kuti osunga nyama anasenza okha mtengo wa kuzisunga, osausiya pa mutu wa mwini munda.

Komatu mlandu sunathe. M'caka ca 2017 lamulo la nyama linakhwimitsidwa, kuti wopha kapena wogulitsa nyama zochinjirizidwa koposa akhoza kukhala m'ndende kufikira zaka 30. Ndipo nkoyenera kuti ogula minyanga akuru, amene kale ankalipa ndarama zocepa naturuka akuseka, alawe cilango ceni ceni. Koma lamulo lomwelo silinaike cobwezera munthu amene munda wace wadyedwa. Ndiponso m'caka ca 2022 njobvu 263 zinacotsedwa ku Liwonde kunka ku Kasungu, kumene mpanda sunazinge nkhalango yonse. Ndipo posacedwa anthu a kumeneko ndi a tsidya la Zambia anayamba kulira maliro ndi minda, monga ankalirira a ku Machinga. Katundu amene anatsika pa mutu wa mlimi wa kuno anakatera pa mutu wa mbale wace wa kutari.

Za nthaka m'masiku a pambuyo pano tinena mwacidule. Boma linaika mtima pa feteleza: timatumba ta mbeu ndi feteleza ta 1998, ndi makuponi amene anayamba m'caka ca 2005, Bingu wa Mutharika ali mtsogoleri. Nkhokwe zambiri zinadzala, ndipo sitinyoza cimene cinadyetsa ana. Koma feteleza adyetsa mmera, sadyetsa nthaka. Ndipo ku Balaka, kumene mvula imadula masabata awiri kapena atatu pakati pa dzinja, thumba la feteleza pa dothi louma ndi ndarama zotayika. Cifukwa cace alangizi anayamba kuphunzitsa ulimi wa mleranthaka, umene ena aucha mtayakhasu. Malangizo ace ndi awa: usagaule, usaunde mizere yatsopano; phimba nthaka ndi mapesi kuti cinyezi cikhale ndi mvula isamenye dothi; sinthanitsa kapena sakaniza cimanga ndi nandolo, khobwe kapena mtedza, zimene mizu yace ibwezera cakudya m'nthaka. Ofufuza a CIMMYT ndi a Total LandCare, pamodzi ndi alangizi a Boma, anayesa njirayi zaka zambiri m'minda ya alimi ku Malula ndi ku Lemu m'boma la Balaka, ndi ku Matandika m'boma la Machinga. Napeza kuti caka ca ng'amba cimanga cophimbira cipirira koposa ca pa mizere. Anapezanso kuti khasu lopalira pa muyeso umodzi caka ndi caka laumitsa dothi la pansi pa mizere ngati pabwalo, kotero kuti mizu ndi madzi zilephera kutsika. Taonani tsono kutembenuka kwa zinthu: Boma limene linamanga agogo cifukwa ca kukana mizere, ladza kudzapempha adzukulu kuti aileke. Nkhalamba zikaseka pomva zimenezi, tisazidzudzule.

Nthawi ino palibe womangidwa, ndipo mlimi ayesa yekha ndi maso ace. Ambiri anayamba, ambirinso analeka pamene mabungwe analeka kugawa mbeu ndi mankhwala opha udzu. Pakuti zaka zoyamba udzu ucuruka, ndi phindu la nthaka licedwa kuoneka. Koma cobvuta cacikuru ndi mapesi. Mapesi ali ndi eni ambiri: mai awafuna pamoto, pakuti nkhuni zatha ndipo mitengo ya m'mapiri ili kutsika m'matumba a makala m'mbali mwa mseu wa ku Zomba, ciswe ciwadya, anyamata osaka mbewa awatentha, ndipo mwambo wa makolo uti anthu akakolola, ziweto zimasulidwe zidye m'munda uli wonse. Cotero mafumu ena aika malamulo a pamudzi, akuti woyatsa moto m'munda wa mnzace alipe, ndi mwini mbuzi yodya zophimbira alipenso.

Pamenepa lamulo la nthaka lagwera mbuzi. Kale inkamangidwa m'dzinja mokha, msipu uli ponse. Tsopano ena aimanga ndi m'cilimwe momwe, pa cingwe cacifupi, padzuwa la October, popanda madzi, kufikira cingwe cidya mwendo. Ambiri sadziwa kuti dziko lino lili ndi lamulo locinjiriza ziweto ku nkhanza, lochedwa Protection of Animals Act, limene liletsa kumenya ciweto mwankhanza, kucisenzetsa katundu wopitirira mphamvu yace, ndi kucinyamula mocizunza. Amene anaona tsiku la msika pa Ulongwe kapena pa Ntaja, mbuzi zitamangidwa miyendo pambuyo pa njinga mitu ili lende, ndi nkhuku zitapacikidwa cazondoka ulendo wonse, adziwa kuti lamuloli silinafike kumidzi. Boma linalemba alonda a mfuti osunga njobvu. Za mbuzi ndi buru linalemba pa pepala, nilileka pomwepo. Ife a mumpingo sitiyenera kudikira wapolisi pa cinthu ici, pakuti cilamulo ca Mose cinapatsa ng'ombe ndi buru mpumulo wa Sabata pamodzi ndi mwini wace, cinaletsa kumanga pakamwa ng'ombe yopuntha dzinthu, ndipo cinalamula kuti munda womwe upume caka cacisanu ndi ciwiri. Anansi athu Acisilamu, amene ali ambiri m'maboma awiriwa, nawonso ali ndi ciphunzitso cao coletsa kuzunza ciweto, ngakhale pa nthawi ya kucizinga.

Alangizi a ziweto ati mankhwala ace ndi khola la m'mwamba, loti zitosi zigwe pansi zikhale manyowa, ndi kubzala mitengo ya masamba odyetsa mbuzi m'malire a munda, ndi kuleka nsangu kuti ikule m'minda, pakuti iyo igwetsa masamba ace m'dzinja, nibala nyemba zimene ziweto zidya m'cilimwe. Amene anayesa aona kuti mbuzi inenepa, ndi munda ulandira manyowa amene kashembe anamana agogo ao. Koma mbuzi ya m'khola ifuna munthu woidulira masamba ndi kuitungira madzi kuyambira June kufikira mvula yoyamba. Ndipo m'midzi yambiri ya kumadzulo kwa Shire mjigo uli kutari, ndi ana amene kale ankaweta ali kusukulu.